Ndemanga pa buku la The 5 AM Club la Robin Sharma, ndi wogulitsa amene anandipatsa buku loperewera masamba

Ndinagula bukuli mwezi wa Meyi pa sitolo ina ya mabuku ku Limbe pa K22,000, mtengo umene aliyense wokonda mabuku achingerezi ankaudziwa nthawi imeneyo. Linali lokutidwa mupulasitiki, ndipo nditapempha kuti ndilitsegule ndione mkati, bambo wogulitsayo anandiyankha kuti, "Mayi, tikalitsegula ndiye kuti mwagula." Ndinalipira chifukwa dzina la Sharma ndinkalidziwa kale kuchokera pa The Monk Who Sold His Ferrari, buku limene anayamba wasindikiza yekha mu 1997 asanalitenge a kampani yosindikiza mabuku ya HarperCollins, ndipo ndinkalemekeza munthu amene anasiya ntchito ya uloya ku Canada n'kuyamba kulemba za utsogoleri ndi moyo wabwino.

Nditawerenga kwa masiku angapo madzulo, ndinafika pamene wolemba amafotokoza njira yake ya 20/20/20 yogawira ola loyamba la m'mawa, yomwe ndi mtima wa buku lonse, n'kupeza kuti chiganizo chathera m'malere ndipo tsamba lotsatira likunena zina. Nditawerenga manambala ndinaona kuti masamba 16 kulibe, ndipo m'malo mwake munabwerezedwa masamba amene ndinali nditawerenga kale. Apa ndi pamene ndinayang'anitsitsa inki yotuwa ndi pepala lopyapyala lija n'kuzindikira kuti ndinagulitsidwa buku lofotokopa pa mtengo wa buku lenileni. Loweruka ndinabwererako ndi lisiti langa m'manja. Bamboyo sanafune n'komwe kulitsegula bukulo. Analoza chikwangwani chonena kuti katundu wogulidwa sabwezedwa, kenako ananena pamaso pa anthu ena ogula kuti mwina ana anga ang'amba masambawo. Mawu amenewa anandipweteka kuposa ndalama ija, chifukwa aliyense woona msana wa bukulo akanaona kuti palibe pamene panang'ambika, ndipo mwana sangang'ambe masamba n'kumatapo ena obwereza. Pomaliza anati andichotsereko K2,000 ndikagula buku lina, ine ndinakana n'kutuluka.

Ndivomereze kuti mkwiyo umenewu unandichititsa kuliona molakwika bukulo kwa milungu iwiri. Mphunzitsi mnzanga atandibwereka lake lenileni, ndinaliwerenga ndikufunafuna zolakwa, ndipo ndinazipezadi. Nkhani ya munthu wolemera kwambiri amene amatenga mayi wa bizinesi ndi mnyamata wojambula n'kumawaphunzitsa ku Mauritius ndi ku Rome ndi yotalika mopitirira muyeso, anthu ake amalankhula ngati akuwerenga mawu a anthu otchuka, ndipo mfundo zenizeni zikanakwana m'masamba ochepa. Ambiri amene anawerenga bukuli kuyambira pamene linatuluka mu 2018 amadandaula zomwezi, ngakhale kuti likugulidwabe kwambiri. Chinanso chimene chinandikhumudwitsa n'chakuti wolemba amanena za kudzuka 5 koloko m'mawa ngati chinsinsi chachikulu, pamene ine ndi amayi anzanga ambiri timadzuka kusanache kukoleza mbaula, kutereka madzi osamba ndi kuphika phala la ana, ndipo palibe amene anatiuzapo kuti zimenezi ndi utsogoleri.

Koma nditawerenga masamba amene anasowa aja, maganizo anga anasintha ndithu. Chimene Sharma akunena si kudzuka kokha, koma kuti ola loyambalo likhale la iwe mwini: mphindi 20 zolimbitsa thupi mpaka kutuluka thukuta, mphindi 20 zokhala chete kusinkhasinkha kapena kulemba, ndi mphindi 20 zophunzira chinthu chatsopano. Ndinazindikira kuti pa zaka zonse zimene ndakhala ndikulawirira, ola limenelo ndakhala ndikulipereka kwa anthu ena. Ndinayamba kukonzeratu makala ndi mayunifolomu madzulo, kusiya foni kuchipinda chochezera ndi kugona msanga, pakuti bukuli limatsindikanso za tulo. M'mawa ndimadumpha chingwe pabwalo, kenako ndimapemphera n'kulemba m'kope zinthu zitatu zofunika za tsikulo, ndiyeno ndimawerenga. Wolemba amati chizolowezi chimakhazikika pakatha masiku 66. Ine ndadutsa masiku amenewo, ngakhale m'mawa wina wa mu Juni kuzizira kunandigonjetsa.

Kusintha kumene ndikukuona kuli ku ntchito. Monga wachiwiri kwa mphunzitsi wamkulu, kale ndinkalowa mumsonkhano wa Lolemba mutu uli wodzaza ndi za kunyumba, ndipo mphunzitsi akachedwa ndinkamudzudzula pagulu. Tsopano ndimafika mfundo zanga zili kale papepala, ndipo wochedwayo ndimamuitanira padera. Pa chifukwa chimenechi bukuli ndikulipatsa nyenyezi zinayi, imodzi ndachotsa chifukwa cha kutalika kwa nkhani yake. Wogulitsa uja sindikumupatsa nyenyezi iliyonse, ndipo amene mukufuna bukuli muumirire kuti alitsegule muwerenge manambala a masamba musanatulutse ndalama, pakuti langa loperewera lija likadali pa shelefu pamodzi ndi lisiti lake.