Miyezi 8 pa iRacing: za 4x amene anandisowetsa tulo

Ndinalembetsa iRacing, gemu ya pakompyuta yopikisana magalimoto, nditatopa ndi mipikisano ya pa intaneti imene pakona yoyamba pamakhala ngati pa depoti ya minibasi, aliyense kulimbirana polowera. Chiwongolero changa ndi Logitech G29 chimene ndinagula kwa mnzanga, ndipo ndimachimangirira patebulo ana akagona.

Kwa amene simukuidziwa, iRacing inatsegulidwa mu 2008, ndipo anaiyambitsa ndi David Kaemmer pamodzi ndi John Henry, yemwe uja wa timu ya Liverpool. Umalipira mwezi ndi mwezi, kenaka magalimoto ambiri ndi misewu yambiri umagula payokhapayokha, zambiri mwa izo kupitirira madola 10 chimodzi. Thumba limamva kuwawa ndithu. Koma woyamba kumene amapatsidwa Mazda MX-5 ndi misewu ingapo, ndipo ine ndinatha miyezi 3 osagula kanthu.

Chimene chimakanganitsa anthu ndi kaweruzidwe kake. Pa mipikisano ya tsiku ndi tsiku palibe munthu amene amakhala pansi n'kumaona kuti walakwa ndani. Kompyuta imangowerenga mapointi a ngozi. Ukatuluka mumsewu ndi 1x, galimoto ikakupulumuka n'kuzungulira kapena ukamenya khoma ndi 2x, mukagundana mwamphamvu ndi mnzako ndi 4x, ndipo 4x ameneyu mumalandira nonse awiri, wogunda ndi wogundidwa yemwe. Pa mipikisano yambiri ukafika 17x akutulutsa. Mapointi amenewa amadya Safety Rating yako, nambala yosonyeza mmene umayendetsera mosamala, imene imayambira pa 2.50, ndipo ndi imeneyi imakukweza kuchoka pa layisensi ya Rookie kupita D, C, B mpaka A.

Usiku wina tinali ku Lime Rock Park, kamsewu kakafupi ka ku Connecticut kamene makona ake onse ndi a kumanja kupatula imodzi. Ndinali wachinayi, titatsala ndi maulendo awiri ozungulira. Tikutsika mumsewu wowongoka kulunjika kona yoyamba, ija amaitcha Big Bend, ndinaona pagalasi galimoto yachikasu ili patali ndithu. Ndinaponda mabuleki, n'kukhotetsa. Mawu a spotter, wokuchenjeza za magalimoto oyandikira, anangomveka kuti pali galimoto kumanja, nthawi yomweyo phwa! Chiwongolero chinandigwedeza manja, ndinapezeka ndili pakapinga nditayang'ana kumene ndimachokera, pamwamba pa sikirini patalembedwa 4x. Ndinamaliza wa nambala 11. Mtima unandipweteka kwambiri, chifukwa sabata yonse ndinali nditayendetsa mosamala kuti Safety Rating yanga ifike pa 3.00.

Dandaulo ukhoza kupereka, koma amakudikiritsa kaye mphindi 30 mpikisano ukatha, ndipo umayenera kutumiza kachigawo ka replay. Poyamba ndinkaona ngati kudikirako n'kungozunza munthu. Pa mphindi zimenezo ndinatsegula replay n'kulowa m'galimoto yachikasu ija, kuona momwe mnzangayo amaonera. Zoona, anachedwa kuponda mabuleki, anadzigwetsera mkati kuchokera kutali. Koma ndinaonanso kuti ineyo ndinaponda msanga kuposa maulendo onse a m'mbuyo, n'kusiya mpata waukulu mkati, ndipo pamene ndimatseka, tayala lake lakutsogolo linali litafika kale pachitseko changa. Ndinabwereza kanayi, pang'onopang'ono. Dandaulo sindinatumize. Ndikanatumiza sizikanaphula kanthu, chifukwa njira imeneyi ndi ya anthu ogunda anzawo dala, obwerera mumsewu osayang'ana, otchinga mnzawo poona kumene wapita ndi otukwana, osati ya ngozi wamba ya pampikisano. Komanso sibweza malo amene wataya.

Anzanga ambiri amati zimenezi n'zopanda chilungamo, munthu wosalakwa kulangidwa pamodzi ndi wolakwa. Ndimawamvetsa. Pali tsiku lina wina anandigunda kumbuyo ndili pa liwiro langa loyenera, panalibe choti ndikanachita, 4x n'kundipeza ndithu. Koma Safety Rating imawerengedwa potengera makona ambirimbiri amene wadutsa, choncho tsoka la tsiku limodzi limafufutika. Chimene sichifufutika ndi chizolowezi. Ngati sabata iliyonse ukupezeka pangozi, ngakhale uzinena kuti wolakwa ndi wina, pali china chimene sukuchiona pagalasi.

Ndinayesakonso ligi ina imene ili ndi oweruza enieni, anthu atatu odzipereka amene amaonera replay mpikisano ukatha. Anatengera lamulo la mu Formula 1, lakuti wolowera mkati ayenera kufikitsa matayala akutsogolo pagalasi la mnzake pofika pakati pa kona kuti apatsidwe malo. Pakamwa lamuloli limamveka bwino. Pamsewu linabala khalidwe loipa: anyamata anayamba kumasula mabuleki dala kuti angofika pagalasi lija, ziribe kanthu kuti konayo aikwanitsa kapena ayi. Chigamulo cha masekondi 5 tinkakangana nacho mpaka Lachinayi, wina akujambula mizere pachithunzi, wina akuti oweruza akukondera. Awiri anasiya kulankhulana. Oweruzawo sindikuwanyoza, ntchito yawo ndi yolemetsa ndipo salandira kanthu, koma ndinaona kuti tikuphunzira kuwina milandu m'malo mophunzira kudutsana bwinobwino.

Ndiye kwa ine ndalama ya iRacing ikupita poyenera, makamaka chifukwa cha 4x yemweyo. Ngati mukufuna woweruza woti akuuzeni kuti simunalakwe, mudzakhumudwa, fufuzani ligi. Ine pano ndili pa layisensi C. Ndikafika pa Big Bend ndikaona wina akukula pagalasi mofulumira kwambiri, ndimasiya mpata wa galimoto imodzi mkati. Kawirikawiri amapitirira yekha mpaka kukapinga, ine n'kudutsa.