trash-cli patatha miyezi ingapo: ndikuigwiritsabe ntchito, koma rm sindinaitaye

Papita miyezi ingapo chiikireni trash-cli pa laputopu yanga ya Debian, ndipo chidwi chapoyamba chija chitazirala ndingathe kunena zoona zake. Kwa amene simukuidziwa, ndi kapulogalamu ka Python kolembedwa ndi Andrea Francia. Mukalemba trash-put ndi dzina la fayilo, sikafufutiratu ngati rm, lamulo la pa Linux lofufuta mafayilo kotheratu. Kamaisamutsira m'bini yomwe ija imene madesikitopu a Linux monga GNOME ndi KDE amagwiritsa ntchito, ku ~/.local/share/Trash, potsatira ndondomeko ya FreeDesktop.org. Fayiloyo imapita m'foda ya files, ndipo m'foda ya info mumalembedwa kafayilo ka .trashinfo kosunga komwe inachokera ndi tsiku limene inatayidwa. Ndiye chimene mwataya pa terminal mumachipezanso mukatsegula bini ndi mausi.

Chimene chandikhalitsa nayo ndi trash-restore. Imaonetsa mndandanda wa zimene munataya kuchokera m'foda imene mulimo ndi za m'kati mwake, chilichonse ndi nambala yake kuyambira 0. Mwalemba nambalayo, fayilo yabwerera pamalo pake. Ikapeza kuti pali kale fayilo ina ya dzina lomwelo imakana kuilemba pamwamba. Zikuoneka zazing'ono, koma amene anayesapo kupulumutsa fayilo ndi PhotoRec, pulogalamu yobweza mafayilo ofufutidwa, akudziwa kuvuta kwake: mafayilo amabwera opanda mayina awo, ndipo pa SSD, TRIM (njira imene disikiyo imayeretsera malo a zimene zafufutidwa) ikangodutsa, nthawi zambiri palibenso chotola.

Tsopano zondinyansa. Bini siidzikhuthula yokha. Malo pa disiki amangotha mwakachetechete, chifukwa mukataya fayilo ya magigabaiti asanu simunapeze malo ngakhale pang'ono, mwangoisuntha. Mankhwala ake ndi trash-empty 30, yomwe imafufuta zokhazo zimene zakhala m'bini masiku oposa 30. Ine ndinaiika mu crontab, mndandanda wa ntchito zimene kompyuta imachita yokha pa nthawi yoikika, ndipo nkhaniyo inathera pomwepo.

Pa flash ndiye pali msampha weniweni. Mukataya fayilo ya pa disiki ina, siipita ku bini ya kwanu. Pulogalamuyi imapanga foda yobisika pa flash pomwepo, ya dzina ngati .Trash-1000, nambalayo ikuimira UID yanu, nambala ya akaunti yanu pa kompyuta. Flash imakhala yodzazabe, ndipo choopsa kwambiri n'chakuti mukabwereketsa mnzanu wa Windows, fodayo amaiona poyera pamodzi ndi zonse zimene mumayesa kuti munafufuta. Flash yomwe imayenda m'manja mwa anthu ndimaifufuta ndi rm basi.

trash-put imachedwanso mukaiitana kambirimbiri, chifukwa Python ayenera kudzuka ulendo uliwonse. Pogwiritsa ntchito find, lamulo lofufuzira mafayilo, malizitsani -exec ndi + m'malo mwa \; kuti mafayilo apite onse pamodzi.

Ambiri amafunsa ngati kuli bwino kuika alias (dzina loimira lamulo lina) yoti rm izitanthauza trash-put. Mlembi wa trash-cli yemwe salimbikitsa zimenezo, ndipo ine ndikugwirizana naye kwathunthu. Dzanja likazolowera kuti rm imakhululuka, tsiku lina mudzalowa pa seva ina kudzera pa SSH (njira yolowera pa kompyuta yakutali), kopanda alias yanuyo, n'kulemba rm -rf mopanda mantha. Komanso alias siigwira ntchito m'masikiripiti. Cholakwika chotchuka cha Steam, pulogalamu ya magemu, pa Linux mu 2015, pomwe rm -rf "$STEAMROOT/"* inasesa mafayilo a anthu chifukwa STEAMROOT inalibe kanthu, trash-cli sikanachiletsa. Ine ndinapanga alias yaifupi, tp, yoimira trash-put, ndipo rm ndinaisiya ndi ukali wake.

Ngati muli pa GNOME ndipo mukungofuna kutaya fayilo mwa apo ndi apo, gio trash ilimo kale, musavutike kuika china. Koma kwa amene amakhala pa terminal tsiku lonse, trash-list (yoonetsa zonse zimene munataya) ndi trash-restore n'zokwanira kuti mulembe apt install trash-cli.