Mita yolipiriratu pa nyumba za lendi: ndi yabwino, koma isakhale imodzi

Kwa eni nyumba za lendi ku Nchalo, Ngabu ndi Bangula, mita yolipiriratu ya ESCOM inathetsa vuto lakale lija, la munthu kusamuka usiku n'kusiya bilu ya miyezi itatu. Wochita lendi amagula mayunitsi pa Airtel Money kapena Mpamba, n'kulowetsa manambala 20 aja, basi. Akapanda kugula, mdima ndi wake.

Povuta ndi pamene zitseko zinayi zikudalira mita imodzi. M'kutentha kwa Okutobala kuchigwa kuno, wina fani ikuzungulira usiku wonse, wina filiji yadzaza mafilizesi ogulitsa, wina ali ndi babu limodzi lokha. Mukati asonkhe mofanana, mkangano sulephera, ndipo lendi nayo imayamba kuchedwa. Ngati mukumanga, kuli bwino muchotse chitseko chimodzi pa pulani, ndalamayo ipite ku waya ndi mita ya nyumba iliyonse.

Tsiku lolowa, lembani m'pangano nambala ya mita ndi mayunitsi otsala, nonse musayine. Mwezi uliwonse yang'anani ngati mitayo sinatsegulidwe, chifukwa wolumphitsa waya amasiya mlandu pa dzina lanu. Wokana kulipira lendi musamudulire magetsi: mpatseni notisi yolemba, akakanabe pitani kubwalo la majisitireti.