Kakompyuta ka Intel N100 patatha miyezi 8 ku Nchalo

Ntchito yanga ndi yojambula maukwati, zinkhoswe ndi makwaya kuno ku Nchalo, nthawi zina mpaka ku Ngabu ndi ku Bangula. Ukwati umodzi umadzaza memory card ziwiri. Kale ndinkachepetsa mavidiyowo pa laputopu usiku wonse, batire la sola n'kuthera panjira, m'mawa kuyambiranso. Mu Epulo alamu anga anandibweretsera kuchokera ku Johannesburg kakompyuta kokwana pachikhatho, ka purosesa ya Intel N100, RAM ya 16GB ndi SSD ya 512GB. Ndinalumikizako hard disk ya 2TB, ndinaikamo mapulogalamu atatu: Debian yoyendetsa kakompyutako, HandBrake yochepetsera kukula kwa mafayilo a mavidiyo, ndi Jellyfin yoonetsera mavidiyo pamafoni ndi pa TV. Onsewa ndi aulere.

Chimene ndinakafunira ndi Quick Sync, gawo la purosesayi lomwe ntchito yake ndi mavidiyo basi. Limatha kusandutsa vidiyo kukhala H.265, njira yosungira vidiyo yomwe imatenga malo pafupifupi theka la njira yakale ya H.264, chithunzi chili pafupifupi chimodzimodzi. Vidiyo ya ola limodzi ya 1080p, yochokera m'kamera ili 12GB, imatuluka yosakwana 2GB pasanathe mphindi 25. Pafoni simungaone kusiyana. Pa TV yaikulu mumaona, makamaka perekaniperekani wa madzulo: anthu akamavina kuwala kuli kochepa, maluwa a pansalu za akuchikazi amasakanikirana ngati utoto wonyowa. Choncho kope lopereka kwa eni ukwati ndimalichepetsa ndi x265, pulogalamu yosadalira Quick Sync, yomwe imachedwa maola angapo koma nsalu imaoneka nsalu.

Pa magetsi sindikudandaula ngakhale pang'ono. Kamita kanga kamaonetsa mawati 7 kakangokhala, ndi 22 kakamachepetsa vidiyo. Kamayendera 12V, ndiye magetsi akazima kamapitiriza pa batire langa la 100Ah mpaka kucha. Musakalumikize mwachindunji kubatire, chifukwa likamatchajidwa ndi sola limapitirira 14V. Ikani karegulator pakati.

Jellyfin ndiye yandisangalatsa kuposa mmene ndinkaganizira. Mavidiyo amayenda pa Wi-Fi ya pakhomo, bando osagula. Banja lina la ku Ngabu litabwera kudzatenga vidiyo yawo, tinakhala pakhonde, mafoni anayi aliyense akuonera mbali yake. Agogo awo anagwira foni ndi manja awiri n'kumauza mdzukulu wawo kuti, "Tabwezanso mwanawe, ndiwaonenso achemwali angawo." Anabweza kasanu, kakompyuta osajejema.

Vuto linabwera ndi Okutobala. Amene anakapanga sankaganiza za chigwa cha Shire, kumene masana kutentha kumadutsa madigiri 40, ndipo m'nyumba ya malata yopanda siling'i kumaposa apo. Ndinali nditakaika pashelefu pafupi ndi denga poopa ana. Kafani kake kanayamba kulira ngati udzudzu, purosesa n'kumafika madigiri 95, ntchito ya mphindi 25 n'kumatenga pafupifupi ola. Tsiku lina kanazima kawiri ndili ndi vidiyo ya kwaya yofunika Lamlungu. Zinandiwawa kwambiri, poti anthuwo anali atalipira kale.

Nditamasula tizitsulo tinayi ta kunsi ndinapeza kafani katakutidwa ndi fumbi losakanikirana ndi phulusa lakuda, lija limagwa m'makomo akamawotcha nzimbe nyengo yodula. Timabowo topumira ndi tating'ono kwambiri ndipo tilibe sefa. Thermal paste (phala lopaka pa purosesa lothandiza kuchotsa kutentha) yomwe anaikamo inali itauma ngati dothi la m'dambo m'chilimwe. Ndinapukuta ndi kaburashi, ndinaitanitsa paste ina ku Limbe, kenako ndinakatsitsa pansi pa tebulo, pamwamba pa njerwa ziwiri kuti mphepo izidutsa kunsi. Ntchito yolemera ndimaiyambitsa 10 koloko usiku. Pano sikadutsa madigiri 75, koma kukatsegula mwezi uliwonse n'kofunika, ndipo wogulitsa sanena zimenezi. Adaputala yake nayonso imatentha moti sungaigwire nthawi yaitali. Ndinaisiya, ndimangodalira batire.

Mnzanga wa ku Chikwawa boma ankafuna kugula kakompyuta kena kotchedwa Raspberry Pi 5 pa ntchito yomweyi. Ndinamuletsa, chifukwa Pi 5 ilibe gawo lochepetsera vidiyo ngati Quick Sync, zonse zimagwera purosesa, ndipo kuno ndiye kuitana kutentha. Ntchito yosunga mafayilo ndi kuonetsa mavidiyo ochepetsedwa kale ingakwanitse.

Ndikupereka nyenyezi 4 mwa 5. Imodziyo ndachotsa chifukwa cha kafani ndi timabowo. Ndikamagula kachiwiri, koti kazisunga makope ena kunyumba kwa achimwene kumtunda poopa madzi osefukira ngati a Freddy mu 2023, ndidzayamba ndatembenuza kabokosiko n'kuona kukula kwa mabowo ake.