Phukusi langa linasokera chifukwa cha kamtsinje ka ku Mödlareuth

Ndikulembera anzanga amene mumalandira katundu wochokera kumudzi kudzera mwa anthu aja osonkhanitsa maphukusi ku Lilongwe, amene amawakweza ndege mpaka ku Frankfurt kuno ku Germany, komwe mnzawo amawapereka kwa a galimoto zogawa katundu. Ndawadalira kwa zaka zitatu, koma ulendo uno andikhumudwitsa kwambiri.

Ine ndimasamalira agogo ena ku Mödlareuth, kamudzi ka anthu pafupifupi 50, kufupi ndi mzinda wa Hof. Pakati pa mudziwu pamadutsa kamtsinje ka Tannbach, kakang'ono moti mwana atha kukalumpha, koma tsidya lino ndi chigawo cha Bavaria pamene tsidya linalo ndi chigawo cha Thuringia. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, kamtsinjeka kanasanduka malire a Germany wakummawa ndi wakumadzulo. Mu 1952 anamangapo mpanda wa matabwa, ndipo mu 1966 anaimika khoma la simenti la mamita 700 m'litali, kotero kuti asilikali a ku America anautcha mudziwu Berlin wamng'ono. Khomalo analiboola pa 9 Disembala 1989, koma chigawo chake china, nsanja za alonda ndi nyumba yosungiramo mbiriyi zilipobe, ndipo alendo amabwera pa mabasi kudzaziona. Chimene alendowo sachidziwa n'chakuti mudziwu ukadali ndi manambala awiri a positi: ife a tsidya lino ndi 95183 Töpen, anzathu a tsidya linalo ndi 07926 Gefell.

Mayi anga anapereka keyala yolondola, yolembedwa bwino papepala. Koma mkulu wa ku Frankfurt uja, pofuna kuoneka wochenjera, anafufuza dzina la mudzi pa intaneti, napeza nambala ya tsidya linalo, ndipo anasintha yanga osandifunsa. Woyendetsa galimoto sanapeze dzina langa pa nyumba za kumeneko, choncho phukusi linabwerera ku Frankfurt, ine ndili chikhalire panyumba imene ili kamtunda ka mphindi zitatu kuchokera pomwe iye anaima.

Kulakwitsa aliyense amalakwitsa, ndipo akanapepesa ndikanaiwala. Chimene chinandiwawa n'chakuti kwa masabata awiri ankangoyankha kuti katundu ali m'njira, nambala yolondolera phukusi osandipatsa. Nditawapanikiza, anandiuza kuti ndilipire mayuro 25 owonjezera kuti atumizenso, namati vuto ndi langa chifukwa ndimakhala malo osokoneza. A ku Lilongwe nawo anati iwo mbali yawo anathana nayo pa bwalo la ndege. Ndinalipira poganizira thukuta la mayi anga, amene anakwera minibasi m'mamawa atasenza katoni imeneyo.

Phukusi linafika patatha masabata asanu, katoni itaphwanyika pangodya. Ufa ndi tiyi zinali bwino, koma usipa unali utanyenyeka ngati nsinjiro, ndipo fungo lake linalowerera m'zitenje ziwiri zatsopano, moti ndinazichapa katatu, agogo aja akungondiyang'ana modabwa.

Musanalipire ndalama iliyonse, uzani wotumizayo akujambulireni chikalata chimene wamata pa katoni, muwerenge nokha nambala ya positi ndi dzina la dera limene mudzi wanu umawerengedwako, chifukwa midzi yambiri ya kuno ilibe nambala yakeyake. Nambala yolondolera phukusi muilandire tsiku lomwelo, ndipo mugwirizane kudzera mu uthenga wolembedwa kuti katundu akabwerera chifukwa cha iwo, adzalipira ndi iwowo. Dzina lanu lilembedwe pa bokosi la makalata, makamaka inu amene mumakhala m'nyumba za mabwana anu. Nsomba zouma zikulungidwe pazokha m'chigubu chotseka bwino. Phukusi la Khirisimasi ndapempha mlongo wina amene akupita kumudzi mu Novembala kuti adzanditengere m'chikwama chake, ndipo ndidzakalilandira ndekha pa siteshoni ya sitima ku Hof.