Mbewu ya nsomba ya ku Lunzu ndi yabwino, bambo ake amadziwa ntchito

Amene mukufuna mbewu ya makumba kapena chilunguni yoika mmadamu anu pitani kwa bambo ena amaweta cha ku Lunzu, tiana tawo ndi tamphamvu ndipo amakulongedzerani mmajumbo a mpweya, tanga tinafika tonse tamoyo. Mtengo ndi wokwererako koma sindikudandaula.

Chandisangalatsa kwambiri nchoti asanalandire ndalama anayamba afunsa kaye komwe ndimapatutsa madzi, nditati mu mtsinje wa Mudi kumunsi kwa tauni ya Blantyre anandiletsa ndithu, akuti madzi osakanikirana ndi zamusuweji amakhala ndi zotsalira za mankhwala omwe timamwa, makamaka mahomoni a mapilitsi olera, nde nsomba zazimuna zikakhalitsa mmenemo zimayamba kusanduka ngati zazikazi mpaka kuswana kumachepa. Izi nzoona abale, ku Canada anayesapo kuthira mahomoniwa mkanyanja kena ndipo mtundu wina wa tinsomba unatsala pang'ono kutheratu. Anandiuzanso kuti madzi akatentha kufika madigiri 35 kapena kuposa tiana tikangoswedwa kumene, tambiri timakhala tatimuna, choncho damu likhale lakuya bwino kuti madzi asatenthe kwambiri poti Okutobala kuno dzuwa limaswa mtengo.

Chovuta ndi msewu wokha, mvula ikagwa kagalimoto kakang'ono sikafika.