Ndemanga: makina otchetchera kapinga oyenda nawo pansi, aja a mipeni itatu

Makinawa ndawapatsa nyenyezi 4 mwa 5. Ntchito yanga ndi yotchetcha kapinga m'mabwalo a masewera, pamasukulu ndi pamakomo a anthu amene ali ndi malo aakulu, ndipo ndawagwiritsa ntchito kuyambira nyengo imene udzu umamera ngati ukuthamangitsidwa mpaka nyengo ya fumbi. Amene ndikunena pano ndi aja a masentimita 122 m'lifupi, a mipeni itatu, injini ya petulo ya masilinda awiri, oyenda okha ndi mphamvu ya hayidiroliki (oyilo wopanikizidwa amene amazunguza matayala), inu n'kumatsatira pambuyo mutagwira zogwirira. Kutchetcha amatchetcha bwino zedi. Nyenyezi imodziyo ndaichotsa chifukwa cha mmene amatopetsera manja, ndipo kutopako ndi kumene kumachititsa anthu ambiri kuchotsa zinthu zowateteza. Nkhani imeneyi ndikhalapo nthawi yaitali pang'ono.

Choyamba kudziwa n'chakuti awa si makina aang'ono okankha aja a pakhomo. Amalemera kuposa makilogalamu 250, ndipo mukawatsegulira liwiro lonse mumachita kuwathamangira. Tayala lililonse lakumbuyo lili ndi mphamvu yakeyake, choncho mumakhota ndi zala: mukafinya chogwirira cha kumanja, tayala la kumanja limachepetsa liwiro, makina n'kukhotera komweko. Mukafinya zonse ziwiri mopitirira, amabwerera chammbuyo, kulunjika pa inuyo. Munthu wachilendo amawayendetsa mokhotakhota tsiku loyamba, ndiye ndi bwino kuti aphunzirire pabwalo losalala, lopanda mitengo, mipeni isanayatsidwe. Kubwerera chammbuyoko ndi kumene ndimakuopa kwambiri. Kumbuyo kwanu kukakhala khoma, mpanda kapena ngalande, makina olemera chonchi akhoza kukupanikizani musanaganize n'komwe zosiya zogwirira. Ine pafupi ndi khoma ndimazungulira kutsogolo, ngakhale zitenge nthawi.

Kadulidwe kake palibe chodandaula. Kapinga wothithikana amamudula kamodzi osabwereza, ndipo mzere umaoneka wowongoka. Chigoba chophimba mipeni n'chachitsulo chochindikala, chowotcherera, ndipo chagundapo mizu ya mitengo osapindika. Kukweza ndi kutsitsa msinkhu wodulira n'kosavuta. Lamulo limene ndimatsatira ndi lakale lija lakuti musadule kuposa gawo limodzi mwa magawo atatu a kutalika kwa udzu pa ulendo umodzi. Udzu ukatalika kwambiri, kwezani chigoba, dulani, kenako mubwererenso mutatsitsa. Mukafuna kumaliza zonse nthawi imodzi injini imalemedwa, lamba amatentha, ndipo kapingayo amasanduka wachikasu.

Tsopano nkhani ya zogwirira ija. Pamwamba pa zogwirira pali tizitsulo tiwiri timene muyenera kutipanikiza ndi zikhatho nthawi yonse imene mipeni ikuzungulira. Mukangotisiya, injini imazima. Ntchito yake ndi yakuti mukaterereka, kugwa kapena kupunthwa, makina asapitirire okha mipeni ili pamoto. Pa makina angawa tizitsulo timeneti n'tolimba, ndipo pamodzi ndi kufinya kokhotera kuja, dzuwa likamapendeka manja amakhala atachita dzanzi. Opanga akanatha kufewetsako masipuling'i kapena kusintha kapangidwe ka zogwirira, pakuti alipo makina ena amene zogwirira zake zimakhala bwino m'manja. Ndaonapo anzathu ambiri pantchitoyi atamanga tizitsuloti ndi waya kapena mphira kuti manja apume. Kutopako ndimakumvetsa, koma kumangako ayi. Makina omangidwa chonchi, mwini wake akagwa, amapitirira ulendo mpaka atagunda chinthu, ndipo chinthucho chikhoza kukhala mwana kapena mwendo wa mwini wake yemweyo. Mnyamata amene ndimagwira naye ntchito ndinamuuza tsiku loyamba kuti akadzangomanga tizitsulo timeneti, ntchito yathera pomwepo. Chimene chimathandiza ndi magolovesi ochindikala pachikhatho, kupumira pakati, ndi kusinthana ngati muli awiri.

M'mawa uliwonse ndimayesa ngati chitetezo chimenechi chikugwira. Ndimaliza injini pamalo osalala, n'kuyatsa mipeni, kenako n'kusiya zogwirira. Injini iyenera kuzima. Ndimayesanso kuliza injini batani la mipeni lili loyatsa, ndipo siyenera kulira. Tsiku limene chimodzi mwa ziwirizi chalephera, makina sapita kuntchito. Nthawi zambiri vuto limakhala kaswitchi kodzaza fumbi kapena waya womasuka, zinthu zoti makaniko amakonza pa mphindi zochepa.

China chimene anthu amakonda kuchotsa ndi chotchinga cha pakamwa potulukira udzu. Zoona, chimasowetsa mtendere. Pageti lopanikiza chimakola, pokweza makina m'ngolo chimakola, ndipo udzu ukakhala wonyowa chimachititsa kuti uunjikane m'mizere. Ndiye ambiri amachimangirira m'mwamba ndi chingwe. Koma nsonga ya mpeni wa makina ngati awa imayenda liwiro la makilomita pafupifupi 300 pa ola, ndipo mwala umene yamenya umatuluka ngati wochokera pa legeni. Chotchingacho chimaugwetsera pansi. Chikachotsedwa, mwala uja umapita pa zenera, pa galasi la galimoto kapena pa diso la munthu wodutsa. Ngakhale chotchinga chilipo, ndimayamba ndayendera bwalo lonse kutola miyala, mawaya, mabotolo ndi zidutswa za zitsulo, ndipo ndimakonza njira yanga kuti kamwa la makina lisaloze kumsewu kapena kumene kuli anthu. Munthu akayandikira, ndimazimitsa mipeni. Ana ndiye amavuta, chifukwa phokoso limawakopa, ndipo inu simungawamve akubwera kumbuyo. Pasukulu sinditchetcha nthawi yopuma. Powoloka msewu wamiyala kapena njira ya anthu, mipeni ikhale yozima.

Phokoso lake ndi lalikulu. Malire amene akatswiri a chitetezo pantchito amati makutu amayamba kuwonongeka ukakhalapo tsiku lonse ndi madesibelo 85 (muyeso wa kukula kwa phokoso), ndipo makina a petulo ngati awa amapitirira pamenepo. Zotseka m'makutu, magalasi oteteza maso, thalauza lalitali ndi jombo zogwira pansi, zimenezi sindikambirana ndi munthu. Mahedifoni oimba nyimbo si zotseka m'makutu.

Pamalo otsetsereka makinawa amagwira bwino kuposa mmene ndinkayembekezera, chifukwa ndi otambalala ndipo kulemera kwake kuli pansi. Komabe buku la malangizo likuti musapitirire madigiri 15, kutanthauza malo amene pa mita imodzi iliyonse nthaka ikukwera masentimita pafupifupi 27. Makina oyenda nawo pansi amatchetcha mopingasa chitunda, osati kukwera ndi kutsika. Chifukwa chake n'chosavuta kumva: mukaterereka mukutsika, mapazi anu amalowera kunsi kwa chigoba, ndipo mukaterereka mukukwera, makina amabwerera pa inu. Mopingasa, mukagwa mumagwera pambali. Udzu wa mame kapena wonyowa ndi mvula pachitunda ndimausiya uume kaye, pakuti matayala akangoyamba kuterereka, kukhota ndi kuima zonse zimatha nthawi imodzi. M'mphepete mwa damu kapena ngalande yakuya ndimasiya mpata, n'kumalizitsa ndi kamakina kodulira udzu konyamula pamanja kaja.

Injini sinandivutepo kuliza. M'mawa kukazizira imafuna choko (chochepetsera mpweya wolowa mu injini) pang'ono, basi. Chimene ndilibe nacho mtendere ndi thanki yopanda geji yooneka bwino, moti munthu umachita kutsegula chitsekero n'kusuzumira. Petulo ndimathira panja, injini itazima ndiponso itazizirako, chifukwa ekizozi imakhala yotentha kwambiri ndipo dontho lotayikirapo limatha kuyaka. Udzu wouma umakonda kuunjikana mozungulira ekizozi ndi pamwamba pa chigoba, pafupi ndi malamba, ndipo nyengo youma umenewo ndi moto wodikira. Ndimauchotsa masana ndi madzulo. Musalize injini m'galaja kapena m'shedi yotseka: utsi wake uli ndi mpweya wa carbon monoxide, umene sununkha, suoneka, koma umapha.

Pa kasamalidwe, chinthu choyamba musanalowetse dzanja kunsi kwa chigoba ndi kuzimitsa injini, kuchotsa kiyi, kumanga buleki, kudikira mipeni iime, ndi kuzula mawaya a mapulagi. Pa injini ya masilinda awiri mawayawo ndi awiri, muzule onse. Makinawa ndi olemera moti simungawagoneke chammbali ngati aang'ono aja. Amafuna jeke, ndipo jeke payekha si wodalirika, muikenso zochirikizira zolimba musanaike mutu kapena mkono kunsi. Udzu ukatseka kamwa, chotsani ndi ndodo injini itazima, osati ndi dzanja. Kumbukiraninso kuti mipeni itatuyi imayendera lamba mmodzi, choncho mukazunguza umodzi ndi dzanja, inayo imatha kuzungulira nawo.

Mipeni ndimaiyang'ana tsiku lililonse. Mpeni wobuntha sudula koma kukhadzula, ndipo pakapita masiku awiri nsonga za kapinga zimaoneka zofiirira ngati zawauka. Pomasula bawuti ndimapanikiza mpeni ndi chithabwa kuti usazungulire, nditavala magolovesi. Ponola, tsatirani kupendekeka kumene mpeniwo unabwera nako, ndipo musafune kuti ukhale wakuthwa ngati lumo, chifukwa m'mphepete mopyapyala mumabenthuka msanga. Mukatha kunola, upachikeni pa msomali kudzera pa bowo lapakati. Mbali imene yatsika ndi yolemera, ichepetseni mpaka mpeni ukhale mopingasa bwinobwino. Mpeni wolemera mbali imodzi umanjenjemeretsa makina onse, umadya mabering'i, ndipo kunjenjemerako kumathera m'manja mwanu. Chimene ambiri sayang'ana ndi phiko lakumbuyo kwa mpeni, lopindikira m'mwamba lija limene limakoka udzu kuti uimirire. Pamalo a mchenga limadyeka pamene lapindikirapo mpaka kuchita kamng'alu, ndipo tsiku lina chidutswa chimathoka mpeni uli paliwiro. Mpeni wotero, kapena wopindika, kapena wosweka, ndi wotaya. Musauwongole ndi hamala, musauwotcherere. Pobwezera, phiko liloze m'mwamba, ndipo bawuti imangidwe pa mlingo umene buku lanena. Mukagunda chitsa kapena mwala waukulu, imani pomwepo muone mipeni, ngakhale injini ikumveka bwino.

Zotsalazo ndi za masiku onse. Oyilo ndimayeza m'mawa makina ali pamalo osalala. Woyamba ndinamusintha patangotha maola ochepa monga buku linanenera, ndipo kuchokera pamenepo ndimasintha pa maola 100 alionse, kapena msanga kukakhala fumbi. Mita yowerenga maola ilipo, ndipo ndaiyamikira. Fyuluta ya mpweya ili pawiri, siponji kunja ndi pepala mkati. Siponji imachapidwa, pepala limasinthidwa, ndipo musalipemerere ndi mpweya wa kompuresa chifukwa limabooka timabowo tosaoneka. Injini imazizira ndi mpweya, choncho sefa ya pamwamba pake ndi zipsepse za m'mbali zisadzaze udzu. Mpweya wa m'matayala ukhale wofanana mbali zonse, pakuti tayala limodzi likaphwa pang'ono, kapinga amatuluka ndi masitepe ndipo anthu amayamba kunamizira chigoba. Pothira girizi ndiye pali dandaulo langa lina: kanipo ka mpeni wapakati kanabisika kunsi kwa chophimba malamba, moti umachita kumasula chophimbacho kuti ukafike. Chinthu chovuta kufikira chimaiwalika, ndipo chophimba chikamasulidwa kawirikawiri anthu amasiya kuchibwezera. Chibwezereni, lamba ndi pule (gudumu limene lamba amazungulirapo) zimameza chala kapena mkono wa malaya mosachenjeza.

Za hayidiroliki ndinene chimodzi chokha chimene si aliyense amachidziwa. Mukakayikira kuti paipi ikudontha, musafufuze ndi dzanja. Oyilo wotuluka pa kabowo kakang'ono ali ndi mphamvu yoboola khungu, ndipo balalo limaoneka laling'ono pamene mkati likuwononga, moti limafuna dokotala nthawi yomweyo. Gwiritsani chidutswa cha katoni. Injini ikazima makinawa sakankhika mpaka mutatsegula mavalavu omasula matayala, ndipo mukawatsegula pachitunda makina amatsetsereka okha, ndiye chitani zimenezi pamalo osalala.

Ngati malo anu ndi kabwalo kakang'ono ka pakhomo kapena ali ndi mageti opapatiza, makinawa akukulirani, pezani aang'ono. Ngati mumatchetcha tsiku ndi tsiku, agwireni kaye zogwirira musanagule, mufinye ndi kupanikiza kwa mphindi zingapo mumve mmene manja anu akuyankhira. Funsaninso wogulitsa ngati amasunga malamba, mipeni ndi mafyuluta a mtundu womwewo. Lamba wanga wa mipeni atadyeka, amene anandigulitsa analibe wina, ndipo makina anakhala pansi nthawi imene udzu unali pachimake. Kuyambira pamenepo ndimayenda ndi lamba wapadera ndi mipeni itatu yonola kale, kuti ina ikabuntha masana ndingosintha n'kukanola madzulo. Makina akakhala nthawi yaitali osagwira ntchito, musasiye petulo m'kabureta, chifukwa pakangotha mwezi umodzi amayamba kuwonongeka n'kumata timabowo ta mkati. Tsekani kampopi ka petulo, injini ilire mpaka izime yokha, palani udzu womata kunsi kwa chigoba kuti dzimbiri lisadye chitsulo, n'kuwaika pouma.